Mzukwa wa Masana ku Ntaja

Kuseri kwa Ntaja kuli mudzi wina kumene mpaka lero ndikamadutsa, amayi a pamjigo amasiya kupopa madzi n'kuyamba kukodolana. Sindiwadandaula ayi. Ndinaziyamba dala ndekha.

Ine kwathu ndi kwa Nsamala, koma ndimakonza mafoni pa Liwonde. Ntchito imeneyi ili ndi nthawi yambiri yongokhala, ndiye mnzanga wina anandilowetsa m'gulu la pa foni lotumizirana nkhani za mizukwa. Osati zakale zija za afiti ouluka pa lichero, iyayi. Izi ndi zamakono: mtsikana wokwera minibasi n'kukatsikira pamanda, malemu oimbira foni akazi awo pomwe foniyo anaikwirira nawo limodzi. Kukoma kwake n'koti zimachitikira pamalo oti ukuwadziwa, pamlatho womwewo wadutsapo m'mawa, ndipo mantha ake umawamva uli pabwino, tiyi ali m'manja. Ndinkawerenga mpaka tsitsi kuima, ndikamaliza n'kufunanso ina (ngati tsabola, ukulira koma dzanja likubwerera m'mbale). Pofika chaka chatha ndinali katswiri. Ndinkadziwa zizindikiro zitatu za mzukwa: umavala zoyera, suyankha moni, ndipo ulibe chithunzithunzi.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili pa chibwenzi ndi Hawa, wa ku Ntaja, amene ankagulitsa nsalu pafupi ndi benchi yanga. Bambo ake anamwalira m'mawa n'kuikidwa madzulo omwewo monga amachitira Asilamu, ine ndili ku Limbe kokagula zipangizo, choncho maliro anandiphonya. Patatha miyezi iwiri, amalume ake anavomera kuti ndipite kukapepesa, komanso kuti akandione. Nkhani yoti ndine Mkatolika inali itawakhala kale pakhosi.

"Mukakalakwitsa kumeneko, basi kwatha," anatero Hawa. "Amalume sabwereza mawu."

Anandilongosolera zambiri, za tsiku, za nthawi, ndi zinazake zokhudza amayi ake. Ine maso anali pa foni, pamene mzukwa wina unali utangolowa m'basi.

"Mwamva koma?"

"Ndamva zonse," ndinanama.

Amayi anga atamva za ulendowu anandipatsira kabotolo ka madzi odalitsa. "Kumene ukupitako n'kwa eni, uyende ndi Mulungu wako."

Linali Lachisanu, kumapeto kwa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Hawa anandiuza kuti ndifike anthu akaweruka kumzikiti, koma ine pofuna kuoneka munthu wosunga nthawi ndinalawirira. Wakabaza wa pa Ntaja ananditsitsa pamphambano, akuti akuthamangira mapemphero.

"Mudutse kanjira aka, n'kachidule. Mukapitirira manda, nyumba yoyamba ya malata ndi yomweyo."

Ndinauyamba, shuga ndi nsalu ya mphatso zili m'jumbo. M'mudzi monse munali zii. Popanda mwana wolira, popanda galu, nkhuku zomwe zitabisala. Kumangomveka nyenje, kulira kuja kolowa mpaka m'mano. Kanjirako kanalambalala manda, ndipo m'mphepete mwake munali mtumbira wa dothi lofiira umene udzu unali usanamerepo. Ndinayang'ana foni kuti ndiimbire Hawa, netiweki kunalibe (m'nkhani zonse zija zimayamba chonchi, netiweki kuthawa).

Nditatulukira kuseri kwa nyumba ya malata, ndinawaona. Mayi wamtali, woonda, ataima pakati pa bwalo, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sankasesa, sankaanika kanthu. Anangoima njo padzuwa, nkhope italoza kumanda kuja.

"Zikomo mayi, muli bwanji?"

Zii.

Ndinayesa ka Chiyao kanga ka pamsika. "Ali uli?"

Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ndi maso olowa m'kati. Kenako anakoka nsalu n'kuphimba kukamwa. Sanayankhe.

Zizindikiro ziwiri zinali zitakwana. Ndinatsitsa maso kuti ndione chachitatu. Pansi panali mbee. Dothi lokhalokha kuzungulira mapazi awo, chithunzithunzi osaoneka. (Ndikanangoyang'ana mapazi anga ndikanaona kuti inenso ndinalibe, chifukwa mwezi umenewo dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Koma munthu wamantha safufuza.)

Dzanja linapita lokha m'thumba. Ndinatsegula kabotolo kaja ndi mano, n'kuyamba Tikuoneni Maria mokweza, mawu akunjenjemera, uku ndikuwaza. Kamodzi, kawiri, kachitatu ndinangokhuthula onse kumaso. M'nkhani zija apa mzukwa umakuwa n'kusanduka utsi. Uwu sunakuwe. Unangopukuta madzi pachipumi ndi chala chimodzi, n'kupitiriza kundiyang'ana. Chimenecho ndiye chinandimaliza. Ndinataya jumbo n'kuliyatsa liwiro.

Ndikukhota pamtengo wa mango, ndinakumana nawo: amuna oposa khumi, onse m'mikanjo yoyera, akubwera mwakachetechete mumzere. Ndinati basi, manda onse adzuka. Ndinagwada pakati pa njira, manja m'mwamba, kabotolo kopanda kanthu kali m'dzanja.

Mmodzi wa iwo, wandevu za imvi, anawerama. "Achimwene, kwagwanji?"

"Musapite uko. Kuli mzukwa, kunyumba ya malata ija. Ndauwaza madzi odalitsa koma sukuchoka."

Wandevu uja anawongoka. "Imene ija ndi nyumba ya mlongo wanga. Kodi inu sindinu mlendo wathu wa ku Liwonde?"

Abale anga, pali manyazi ena oti thukuta limauma lokha. Awa anali amalume a Hawa, akuchokera kumzikiti. Anandikhazika pakhonde pawo n'kundifotokozera modekha, kudekha kopweteka kuposa mbama. Mlongo wawo, mayi ake a Hawa, anali pa eda. Mkazi wachisilamu mwamuna wake akamwalira amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo kubanja kwawoko amavala zoyera, osayankhulana ndi mwamuna aliyense wachilendo. Zonsezi Hawa anali atandiuza tsiku lija.

"Ine ndilibe mawu," anatero amalumewo. "Bwererani. Amene mwamunyowetsayo ndiye adzakuyankheni akadzamasuka."

Hawa sanatuluke n'komwe m'nyumba ya amalumewo, mmene ankaphikira alendo. Atabwerera ku Liwonde anakhala milungu itatu osandipatsa moni, ndipo foni yake itawonongeka anakakonzetsa kwa mnzanga wa benchi yoyandikana nayo, ine ndikuona. Ndinaonda. Ndinkadziwa kuti mkazi ndamutaya, ndipo ndamutaya mopusa.

Masiku a eda atatha anandiitana. Mvula inali itagwa, kanjira kaja katabiriwira. Ndinawapeza mayi aja atakhala pamkeka, atavala chitenje chamaluwa, munthu ngati wina aliyense. Ndinagwada patali n'kuyamba kupepesa, mawu akukolana. Anandidula.

"Bambo, ndinu amene munandisambitsa?"

"Ndine ndemwe, mayi."

Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Tsiku limene lija ndinatuluka chifukwa m'nyumba munandikulira. Miyezi iwiri anthu ankangondiikira chakudya pakhomo, akamadutsa n'kumatsitsa mawu, ena kuyang'ana kumbali pondilemekeza. Ndinayamba kuganiza kuti mwina anatiika awiri m'manda muja, ineyo sindikudziwa chabe. Ndiye mutabwera inu n'kumanjenjemera, ndinati ndi zoonadi, ndinafa. Koma madzi anu aja anali otentha, atafunda ndi dzuwa m'thumba. Ndinawamva akutsika m'khosi. Ndinati iyayi, wakufa samva kutentha. Usiku umenewo ndinadya."

Misozi inangolengeza, ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

"Hawa mutengeni," anatero. "Koma muzimvetsera akamayankhula."

Ndimayesetsa ndithu. Zoti ndasintha, mukafunse iyeyo.