Ziwaya za a Yusufu

Linali Lachisanu, 12 koloko masana, pamene ndinaonetsa mabwana kuti ntchito ndimaikonda. Mpaka lero sanaiwale.

Ndinali nditangolembedwa kumene ntchito yotsuka mbale pa loji ina ku Senga Bay. Anati andiyese kaye, akakhutira ndikhazikika. Mwana wanga Chisomo ndinkamusiya kwa amayi, ndipo phala lake linkadalira ntchito imeneyi (bambo ake anapita ku Joni, foni yawo inapitirira).

M'mawa wa tsikulo a manijala anatisonkhanitsa. "Pano tikufuna anthu odzipereka," anatero. "Loji ino muziitenga ngati nyumba yanu." Ine mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa. A Asiyatu, mayi amene akhala pamenepo zaka zambiri, ankangotokosa m'mano. Iwo nthawi yoweruka ikakwana amavula epuloni pompo. Mumtima ndinkati, mayi awa ntchito saikonda.

Masana a Yusufu, ophika athu, anapita kumzikiti kukaswali. Mbale ndinali nditamaliza. Nditakweza maso ndinaona ziwaya zawo pakhoma, mkati monse muli bii. Ndinachita manyazi m'malo mwawo. Kwathu chiwaya chotere apongozi atachiona, ukwati watha.

Zofunsa ndinaganiza, koma ine pamaso pa akuluakulu pakamwa pamauma. Komanso munthu sapempha chilolezo kuti atsuke m'nyumba mwake. Ndinazitsitsa, ulendo wa kunyanja.

Sopo analephera. Ndiye ndinatapa mchenga wonyowa, monga timachitira tonse kuno, n'kuyamba kukwecha. Chakudacho chinali cha makani, koma ine ndinakulira pamchenga womwewo. Chinayamba kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Mzungu wina anaima n'kundijambula. Ndinamwetulira (umboni uli kunja kwa dziko tsopano).

Pobwerera ziwaya zinali mbee, zoti mutha kupeserapo tsitsi. Ndinazikoleka bwinobwino n'kukhala pakona, kudikira kuyamikiridwa.

A Yusufu analowa, anaima. Anavula kofia, n'kuivalanso.

"Subhanallah. Ndani wachita izi?"

"Ndine, bambo," ndinayankha motsitsa mawu, kuopa kuoneka wonyada.

"Mwanawe, chakuda chija si litsiro. Amachimata dala ku fakitale kuti chakudya chisamakakamire. Abwana anachita kuitanitsa kunja."

A Asiyatu anasuzumira. "Koma kuyera zayera, achimwene, tisanamizane."

A Yusufu anayesa kukazinga dzira. Linakhazikika pachiwayapo ngati lagula malo. Alendo onse amene anaitanitsa chambo chokazinga tsiku limenelo anauzidwa kuti chowotcha ndiye chokoma.

A manijala anandiitana ku ofesi. Poyenda ndinkangoona phala la Chisomo likunditsanzika.

"Anakutumani ndani, mayi?"

"Munati ngati nyumba yathu, bwana."

"Mtima muli nawo. Koma mtima wosafunsa utigwetsera loji. A Asiyatu aja mumawaona ngati ozizira, sanaswepo ngakhale kapu."

Sanandichotse. Anangoti kukhitchini ndisadzapondekonso, ndizisamala panja. Potuluka ndinakumana ndi a Asiyatu, epuloni atavula kale.

"Mng'ono wanga," anatero, "ntchito timayamba kuikonda ndi makutu. Manja amabwera pambuyo."

M'mawa mwake ndinalawirira, nditasenza khasu langa lochokera kunyumba. Kuseri kwa khitchini ndinapeza tchire lomera m'mizere, lonunkhira ngati mankhwala otsukira m'mano. A Asiyatu atafika ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati ndingalime.

"Usakhudze! Masamba amenewo amathira mu tiyi wa alendo. Waona ubwino wofunsa?"

"Ndaona, amayi."

Kenako ndinaima bwinobwino, chitenje nditachitambasula, kutsogolo kwa mzere umene ndinali nditaulima kale.