Ndinathira zitosi pa kanjedza wodalitsidwa

Mpaka lero amayi akandiona ndagwira machesi amandiyang'ana ngati mbuzi yolowa m'munda. Sindiwadandaula, ndinazichita ndekha.

Kuseri kwa nyumba yathu ku Unit C tili ndi kadimba ka repu, koma dothi lake ndi mchenga wotopa. Tsiku lina ndinaona pa foni anthu a kunja akuwotcha zotsalira za kanjedza wa mafuta mu mgolo wotseka. Zikasanduka makala amazisinja, kusakaniza ndi manyowa, n'kuthira m'munda. Mutu unandizungulira (ine zanga zimayamba choncho). Vuto linali limodzi: kanjedza ndimupeza kuti mu Chitungwiza muno?

Ndikusakasaka mgolo m'kachipinda kosungira katundu, ndinangoona thumba lodzaza masamba ouma a kanjedza. Ndinati Mulungu wayankha. Amayi anali atakwera kombi kupita ku Makoni, ndiye woti ndimufunse panalibe (kunena zoona, foni anali nayo). Ndinawotcha masambawo pamodzi ndi zitsononkho, ndinasinja, ndinathira zitosi za nkhuku, n'kukwirira zonse m'dimba.

Atabwera, ndinawaonetsa ntchito yanga monyadira. Anayang'ana thumba lopanda kanthu lija, anakhala pansi. Amayi amasakaniza Chishona tsiku lonse, koma mawu awa anatuluka m'Chichewa chokhachokha.

"Mwana wanga, ndikawauza chiyani anthu?"

Apo ndi pamene ndinamva. Unali kanjedza wodalitsidwa wa chaka chatha, amene anatolera khomo ndi khomo mu mphakati wathu wa kutchalitchi kuti akawotchedwe, phulusa lake lipakidwe pamphumi Lachitatu la Phulusa. Chimwalirire bambo, iyi inali ntchito yoyamba imene anzawo anawapatsa, ndipo ankainyadira kwambiri.

Ndinati mwina tikumbe, tikapereke makalawo.

"A zitosiwo? Pamphumi pa anthu?"

Mawa lake ndinayenda m'makomo kupempha timasamba ta kanjedza totsalira kuseri kwa mitanda, koma ndinabwera ndi todzaza dzanja limodzi basi. Amayi anaimirira pamsonkhano wa mphakati n'kupepesa, ati sanasamale thumba. Dzina langa sanalitchule, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa khofi. Phulusa linakwanira ndi kanjedza wa miphakati ina, koma ntchitoyo pambuyo pake anaipereka kwa mayi wina.

Repu uja ndiye anakondwa, masamba ngati mbale. Ndinayamba kuganiza zokagulitsa ku msika wa Chikwanha, koma amayi anakana, ati chomera pa chodalitsidwa sichigulitsidwa. Amathyola okha, kumanga timitolo, n'kundituma kukapereka pakhomo lililonse limene linapereka kanjedza. Ndimagogoda, ndimapereka, anthu amalandira ndi manja awiri osafunsa kanthu, chifukwa onse akudziwa.

Amati safunsa anadya phula. Ine ngakhale tsamba limodzi la repuyo sindinalilawe.