Alanchini a Ababa

Lolemba

Alamu akuimba foni kuchokera ku Nsanama ndisanasese n'komwe pabwalo. Ababa sakudya. Phala masipuni awiri, basi, akankha mbale. Nsomba ya ku Chiuta imene ankaikonda ija akungoiyang'ana ngati ya eni ake. Mankhwala awo amafuna m'mimba muli kanthu, ndiye akamwa osadya akuchita chizungulire. Alamu abwera nawo kuno ku Balaka Lamulungu, kuti Lolemba likubwerali tikaonane ndi adokotala.

Mtima wanga suli m'malo. Munthu amene anaphikira ansembe Achitaliyana kumishoni kuno mpaka imvi mbuu, lero akukana chakudya!

Ndikutsuka mbale, mwadzidzidzi zandibwerera: alanchini. Timipira ta mpunga, kunja kofiirira ngati mandasi, m'kati nyama yogaya ndi tchizi chonanda ngati ulimbo. Kukakhala chikondwerero kumishoni, Ababa ankabwera nawo kunyumba. Ife ana anayi pakhonde, makutu ali kunjira, kudikira belu la njinga yawo. Malemu amayi kukalipa kuti tisambe kaye m'manja. Ndani ankasamba?

Ndatsimikiza. Ndiwaphikira alanchini, ndipo adya.

Zamafuta adokotala anawaletsa, koma vuto palibe. Tadala, mwana wanga wa ku Joni, ananditumizira eyafulaya, makina okazinga ndi mphepo yotentha. Chibwerereni ali pamwamba pa kabati, nditawafunditsa kansalu koluka. Alendo amayesa wailesi.

Zofunika:
mpunga
nyama yogaya
mazira
buledi wa dzana
tchizi (kuti?)
magetsi (kuti?)

Masiku asanu ndi limodzi. Mwana wa khukhi ine, n'chiyani chingandivute?

Lachiwiri

Mpunga ndapeza kwa Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba, amene amakaoda ku Machinga. Wonunkhira, wosasweka. "Uwu ngakhale mwana sangauphonye," akutero.

Nyama ndagula. Mazira ndi a nkhuku zanga.

Tchizi ndiye nkhondo. Ndazungulira Balaka yense pa kabaza, dzuwa lili pamutu. Golosale yoyamba akundipatsa majarini. Yachiwiri chambiko. Yachitatu mtsikana wogulitsa akundifunsa ngati ndi mankhwala a tsitsi. Mapeto ake ndatuma mnzanga wa kukwaya amene akupita ku Zomba, abwera nacho Lachisanu.

Pobwerera ndamuuza wakabaza adzere kumishoni. Sindikudziwa chimene ndimafuna. Khitchini ya Ababa ilipobe, koma asungiramo matumba a simenti ndi mawilibala. Windo lija lilipo, limene ndinkasuzumirapo pochokera kusukulu nditaponda pa njerwa. Ababa m'kati, epuloni yoyera, thaulo paphewa, akukangana ndi wansembe wina wamfupi wandevu za kuchuluka kwa adyo. Wansembeyo Chichewa chokhota, Ababa Chitaliyana chokhota, onse manja m'mwamba. Akandiona ankandiopseza ndi chipande kuti ndizipita, maso akuseka.

Ndaima pamenepo mpaka wakabaza waliza belu. Ndawasowa Ababa aja, ngakhale ali moyo.

Lachitatu

Tsiku loyesera!

Kunena zoona, pa mpunga sindifuna kuphunzitsidwa. Ukwati uliwonse wa kumphakati kwathu, mphika wa mpunga amapatsa ine. Kupeta, kusankha timiyala, kutsuka katatu mpaka madzi ayere, moto wochepa pansi, makala pachivundikiro. Amayi anandiphunzitsa ndi mthiko pazala. Ankati mkazi wophika mpunga womatana amachititsa manyazi mtundu wonse.

Lero ndiye wapsa bwino kuposa masiku onse. Mbewu iliyonse payokhapayokha. Fungo mpaka kumsewu.

Ndatapa m'manja, ndaika nyama pakati, ndafumbata. Ndatambasula dzanja. Mpunga uli waa, pansi.

Ndafumbatanso ndi manja awiri. Waa!

Ndathira dzira. Ndathiranso lina. Ndapanga zinthu zinayi zooneka ngati zisa za mbalame, ndazinyamula mwaulemu ngati Ukaristiya mpaka m'makina. Ndadina batani. Makina akulira fuuu ngati minibasi ikukwera chitunda cha ku Kasupe.

Palibe anandiuza kuti m'katimo muli chimphepo chenicheni. Ndatsegula: mpunga kudenga, mpunga m'mbali, mpunga m'timabowo tonse. Nyama yatsala yokha pakati, ikundiyang'ana.

Abambo a Tadala akokolola ndi sipuni, adya. "N'zokoma ndithu. Dzina lake n'chiyani?"

Masana onse ndatha ndikutokosa makina ndi kamtengo ka machesi.

Lachinayi

Safunsa anadya phula. Ndamutumizira Tadala chithunzi.

Wayankha ndi mawu ojambula, theka lake kuseka. "Mami, mpunga wake musatsuke! Muzithira msuzi pang'onopang'ono, muzitakasa, mpaka unande ngati phala. Uzizire, kenako muumbe."

Kutakasa mpunga! Mwadala! Ine!

Ndamvetsera katatu, mwina ndamva molakwa. Iyayi, watero ndithu. Ndiye kuti Ababa zaka zonse zija ankaphika mpunga womatana kumishoni, n'kumabwera kunyumba kudzadya womwazika wa amayi, osanena kanthu. Nzeru za banja zimenezo.

Ndatseka chitseko cha khitchini. Ndathira mpunga m'beseni. Ndikuganiza za Ababa, za njinga ija, za Khirisimasi ina mvula itatinyowetsa tonse pakhonde. Pozindikira, ndatsuka kale kawiri. Manja achita okha!

Mphika wachiwiri. Osatsuka. Ndikutakasa maso ali kumbali, ndikupepesa amayi kumanda.

Windo ndinaiwala kutseka. Abiti Saidi asuzumira kudzabwereka sefa. Ayang'ana mumphika, ayang'ana ine, ayang'ananso mumphika.

"Amayi a Tadala, kodi mukudwala? Mpunga wanga uja ndi umenewu?"

Ndafotokoza za Ataliyana. Agwedeza mutu mwachifundo. "Musadandaule, sindiuza munthu."

Pofika madzulo amayi atatu andipatsa moni wa odwala. Mmodzi wanena kuti pa ukwati wa mwezi wamawa ndikhoza kungothandiza kusenda anyezi, ndipumeko.

Mbiri ya moyo wanga wonse yathera mumphika umodzi. Koma mpungawo wagwirana, ndaumba kampira kamodzi ndipo kakhala. Ndakaika pambale, ndikungokayang'ana. Ndati ndikakazinge, magetsi azima.

Lachisanu

Buledi ndaduladula, ndayanika palichero padzuwa kuti aume ndisinje nyenyeswa zokutira kunja. Ndalowa m'nyumba kukatenga mtondo. Ndatuluka: lichero mbee, nkhuku zikupukuta milomo pansi. Nkhuku zanga zomwe, zimene ndimazidyetsa gaga tsiku ndi tsiku!

Buledi wina. Ndakhala pambali pake ndi ndodo ngati mlonda wa m'munda wa mapira.

Tchizi chafika kuchokera ku Zomba, chitafewa ndi kutentha kwa m'minibasi. Kachidutswa kake n'kochepa ngati sopo wosambira. Ndachiika m'kabati. Ndapita kukatunga madzi. Pobwera ndapeza abambo a Tadala ali ndi tiyi, mpeni m'manja.

"Ndimangolawa ngati sichinawonongeke panjira."

Alawa theka.

Zotsala:
tchizi, theka
nyama, pang'ono
ulemu wanga m'dera lino, palibe
magetsi, abwera ndili kumjigo, apita ndikulowa pakhomo

Ndaimbira alamu kuti ndilankhule ndi Ababa, mwina andiuze chinsinsi chake osadziwa chimene ndikukonza. Mawu awo ang'onong'ono, ngati akuchokera m'botolo. Ababa amene akaitana munthu ali kukhitchini, a m'tchalitchi ankatembenuka!

Ndafunsa kuti alanchini aja ankatani kuti asamasweke.

"Ukufunsiranji zakalekale?" akutero Ababa. Alamu atenga foni, akuti lero amwa tiyi yekha.

Ndalira, kubisa ayi. Ndakhala pampando wa kukhitchini ndalira ngati mwana. Ndikuopa kuti ndachedwa nazo zonsezi. Makinawa akhala pakabati chaka chathunthu, ine ndikuwapukuta fumbi.

Loweruka

Magetsi alipo! Ndasiya zochapa m'beseni, ndathamangira kukhitchini.

Mpunga wonanda, wozizira. Nyama pakati, katchizi, kufumbata, kuviika m'dzira, kugubuduza m'nyenyeswa. Asanu ndi atatu, obulungira bwinobwino! Ndawandandalika pathebulo ngati ana a sukulu pa mzere. Ndatumiza chithunzi ku Joni. Ndaitana Abiti Saidi kuti adzaone ndi maso awo.

"Eee, koma ndiye mazira a nthiwatiwa," akutero. Sindikudziwa ngati n'kuyamikira.

Anayi oyamba m'makina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, sinditsegula. Fungo layamba kutuluka, ndipo ndi lomwe lija! Lomwe lija ndithu, la m'jekete la Ababa.

Makina alira tii, tii. Ndatsegula.

Aphulika. Onse anayi. Aliyense wang'ambika pamimba, tchizi chatuluka chapserera pansi, nyama ili panja.

Mwina moto wachuluka. Ndachepetsa, ndaika anayi enawo. Ndapemphera Tikuoneni Maria katatu nditaima pomwepo.

Aphulika mochedwerako.

Tadala akuti ndimafumbata mofewa. Abiti Saidi akuti Ataliyana ali ndi mpunga wawo, uwu ndi wa anthu. Abambo a Tadala sakunena kanthu, pakamwa padzaza. Sabata ino anenepa, lamba asuntha bowo limodzi.

Zatsala zongokwana ulendo umodzi. Ndaumba asanu ndi mmodzi, ndafumbata mpaka zala kuwawa, ndakasungitsa mufiriji ya Abiti Saidi. Tchizi chotsiriza chili m'menemo. Ndikalephera mawa ndiye kuti Ababa adzapeza phala lomwe akulikana kwawo.

Lamulungu

Misa yoyamba. Ulaliki sindinaumve, mutu uli kukhitchini.

Magetsi alipo. Asanu ndi mmodzi m'makina. Tii, tii.

Onse aphulika. Ngakhale mmodzi wondimvera chisoni, ayi. Ndawakokolola, ndaika m'mbale, ndavundikira, ndakankhira kuseri kwa ndowa. Ndateleka phala. Basi, ndalephera, mwana wa khukhi.

Ababa afika dzuwa lili pamutu. Alamu awatsitsa pa kabaza ngati akutsitsa dengu la mazira. Jekete likulendewera m'mapewa, kolala ya shati yatalikirana ndi khosi. Ndagwada, ndawapatsa moni, ndayang'ana pansi kuti asaone maso anga.

Phala: sipuni imodzi. Akankha mbale.

Kenako ndikuona mphuno yawo ikugwedera. Adzutsa mutu.

"Wapsereza tchizi ndani m'nyumba muno?"

Ndakana. Andiyang'ana monga ankandiyang'anira pawindo paja. Ndapita kuseri kwa ndowa, ndabweretsa mbale, ndavundukula. Manyazi ngati ndivule nkhope ndiike pansi.

Ayang'anitsitsa nthawi yaitali. Atosa ndi chala. Mapewa ayamba kugwedezeka, ndimayesa akutsokomola. Akuseka! Alamu akuti chiyambireni kudwala sanasekepo.

Ndati pepani Ababa, aphulika, anu aja ankakhala obulungira.

"Obulungira unawaonera kuti iwe? Obulungira ankapita patebulo la ansembe, owerengedwa. Khukhi ankaloledwa kutenga ophulika okha. Ndinkawafumbatanso panjira ndisanalize belu, inu n'kumalandirana osayang'ana."

Apukuta misozi ya kuseka, apitiriza.

"Nthawi zina onse ankatuluka bwino, osaphulika ndi mmodzi yemwe. Ndiye ndinkawabaya ndi foloko m'mafuta momwemo. Anayi. Wansembe wandevu uja ankati, iwe, chaka ndi chaka amaphulika anayi okhaokha bwanji? Ine ndinkati ndi mpunga wa kuno, Bambo."

Atenga chidutswa ndi zala, anunkhiza, aika m'kamwa. Akutafuna pang'onopang'ono, maso otseka. Atenganso china. Abambo a Tadala atambasula dzanja, ndawamenya ndi chivundikiro.

Adya awiri ndi theka. Amwa mankhwala. Panopa agona pampando, tchizi chili pandevu, ndipo sindiwapukuta.

Zaka zonsezi ndimati Ababa ankatibweretsera zotsala za azungu. Sindinadziwe kuti ankaima pamoto ndi foloko akutiwerenga.

Obulungira ndawaleka, sindidzawatha, ndipo ku ukwati ndikasenda anyezi. Asanagone anena kuti mchere unachepa, mawa tisanapite kwa adokotala ndiphikenso. Tchizi palibe. Akuti zilibe kanthu, nthawi zina nawonso ankaika nyama yokha.