Zidole za Apongozi ndi Denga la Chigafa

Mukafika kwa Njombwa musafunse chifukwa chake chigafa cha apongozi anga chili ndi chigamba cha udzu pakati pa denga. Wachigambacho ndine.

Zinayamba ndi kamwa langali. Titapita ndi mkazi wanga kukawaona, ndinatulutsa foni yatsopano n'kunena kuti palibe chosapezeka m'menemu. Apongozi aamuna, omwe chidwalireni sankayankhula zambiri, anadzutsa mutu.

"Ndiye mundipezere zidole zija, bambo a Chisomo."

Anati ali achinyamata ankaphika kwa mzungu wa pa esiteti ya fodya. Bwanayo ankatseka makatani n'kuika tepi ya zidole za mphuno zikuluzikulu zonyoza atsogoleri akwawo. Iwo ankasuzumira pakhomo la khitchini dzanja lili pakamwa, poti masiku amenewo kuseka mtsogoleri, ngakhale wa dziko la eni, kunkasowetsa munthu.

"Ndikufuna ndiseke mokweza kamodzi ndisanafe."

Dzina la sewerolo sankalidziwa. Chaka? "Chija kunagwa matalala." Ine n'kuti asadandaule, mphindi zisanu zokha (mkamwini akafuna kutchuka mutu sugwira).

Mphindi zisanuzo zinasanduka masiku atatu. Nditalemba "zidole zandale" kunabwera zidole za ana zamalonda. Ndinayesa Chingerezi changa cha fomu 2 mpaka chala kuwawa. Tsiku lachiwiri dzina ndinalipeza, koma tsamba loyamba linati kanemayu saonetsedwa m'dziko lanu. Tsamba lachiwiri linafuna khadi la ku banki (ine wa banki m'khonde!). Lachitatu linandiuza kuti ndawina galimoto. Bandulo inatha kawiri. Nthawi yonseyi mkulu uja ankangondiyang'ana ali pamkeka, osafunsa kanthu, ndipo kusafunsako n'komwe kunkandisowetsa mtendere.

Tsiku lachitatu masana ndinapeza kachidutswa ka sewerolo, koma kankangozungulira osayamba. Pamudzipo netiweki imagwira pachulu, ndipo apo inangofika timizere tiwiri. Ndinayang'ana chigafa, chodzaza ndi fodya wouma, n'kuona kuti n'chachitali kuposa chulu.

Ndinakwera padenga. Timizere tinayi! Chidole cha mphuno ngati chinangwa chinayamba kugwedeza mutu. "Zapezeka!" ndinakuwa, n'kuimirira. Kuimirirako ndiye kunalakwika.

Denga linandimeza. Buluku linakola pamtengo wopachikapo fodya, ndinalendewera miyendo m'mwamba, masamba ali m'khosi, maso ndi maso ndi apongozi aakazi amene ankasankha fodya pansipo. Awatu ndi munthu amene zaka zonsezi ndinkamupatsa moni ndili chapatali, nditanyonyomala. Anaphimba kumaso ndi chitenje.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero.

"Ndaswera bwino, kaya inu amayi," ndinayankha, mutu uli pansi. Foni inali itagwera pamwala, galasi phwaa.

Kenako ndinamva phokoso lomwe sindinalimvepo pamudzipo. Mkulu uja anali atadzikoka ndi ndodo yake mpaka pachigafa, atagwira mzati, akuseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Manyazi ndinali nawo, koma mtima unakhala pansi koyamba m'masiku atatu.

"Zisiyeni zidolezo," anatero akupukuta m'maso. "Lero sindinagwire pakamwa."

Anamwalira mvula isanagwe. Denga ndinafolera ndekha. Zidole zija ndikuzifufuzabe mpaka pano, pa foni ya mkazi wanga, nditakhala pansi.