A Jekapu ndi Munga wa Mcheni

Pa Boma la Luangwa aliyense akudziwa kuti malemu a Jekapu sankalowetsa memore mu kompyuta asanaipime ndi munga wa nsomba ya mcheni. Memore ndi timatabwa tija tobiriwira, ta mano agolide, timene timapatsa makina liwiro. Mungawo anaucheka timizere titatu. Akaugoneka pa manowo, ankaona kamzere kamene kampata ka pakati pa manowo kagwerapo, n'kudziwa mtundu wa memoreyo. Ankausunga m'kabotolo ka mapiritsi, ndipo amati pa ukwati wina ku Mburuma anapima nawo mpata wa mano a mkwati nalengeza kuti sagwirizana ndi wa mkwatibwi. Anawatulutsa mu tenti atafumbata mwendo wa mbuzi.

Amene amawadziwa bwino ndi Emeldah, mwini kashopu kotayipa makalata pafupi ndi msika. Kompyuta yake inali nkhalamba. Ukaiyatsa unkatha kupita kukasamba n'kuipeza ikuganizabe. Chaka chimenecho mwana wake Wendy ankafunsira malo ku sukulu ya unesi pa intaneti, ndipo kunatsala tsiku limodzi kuti atseke. Fomu ikafika pakati, makina ankauma.

Mlamu wa Emeldah, Bornface, anatsika basi ya ku Lusaka ali ndi memore yatsopano m'kapulasitiki. Inakana kulowa. Anaitembenuza, inakanabe. Anatumiza tupa kuti aboole kampata kena.

Mbiri inawapeza a Jekapu akugula kapenta. Anafika akuthamanga, patapata imodzi itatsala m'njira.

"Ikani tupa pansi, ba Bornface."

"Ni ya manje manje iyi, mudala. Yamphamvu maningi."

"Injini ya basi nayo ni yamphamvu. Mungaimange pa njinga?"

Anatulutsa munga, napima. "Yanuyi ni DDR4. Agogo awa amadya DDR3." Kenako anasuzumira m'mimba mwa makina, nawerenga nambala ya bolodi, chithabwa chachikulu chomwe memore imalowapo, mokweza ngati vesi, Emeldah akufufuza pa foni. Bolodilo linkalandira timatabwa tiwiri ta magiga anayi, osapitirira apo.

"Nanga tizaipeza kuti lelo, ba Jekapu?" anafunsa Emeldah.

A Jekapu anatsinzina. Iwo ankadziwa kompyuta iliyonse yakufa m'boma lonse ndi kumene inagona.

"Ku Kavalamanja, kwa amai Edina ogulitsa nsomba. Tiyeni ku boti."

Kompyutayo anaipezadi, itagona chammbali kuseri kwa khitchini, mkati mwake muli nkhuku ikufungatira mazira khumi ndi awiri.

"Makina tengani," anatero a Edina, "koma nkhuku yanga isanyamuke."

A Jekapu anagwada, navula chipewa, naipatsa moni nkhukuyo monga mlendo waulemu. Analowetsa dzanja pansi pa phiko. Inawajompha kasanu ndi kawiri, Emeldah akuwerenga. Dzanja linatuluka likuchucha magazi, koma litagwira timatabwa tiwiri, dzira osasweka ndi limodzi lomwe. Anapima pomwepo, napeza kuti ndi DDR3, nayamba kuvina pabwalo, a Edina akufa ndi kuseka.

Atabwerera, anapukuta mano a memore ndi labala ya pensulo, naikankha mpaka inalira kuti kwa. Shopu inali itadzaza anthu a mumsika. Makina analira kamodzi, nayaka munthu asanameze malovu. Wendy anatumiza fomu yake dzuwa lisanalowe. Lero Wendy ndi nesi.

A Jekapu anatisiya mwezi wa Juni, atadwala masiku anayi okha. Achibale posesa m'nyumba anapeza katoni yodzaza timaenvulopu, kalikonse kali ndi memore mkati ndi dzina pamwamba: la aphunzitsi, la abusa, la mwini golosale. Zaka zonsezo ankatolera zoyenera makina a munthu aliyense, mwini wake asanadziwe kuti adzazifuna.

Masiku ano kompyuta ikadwala amaikweza basi ya ku Lusaka, ndipo imabwera patatha masabata atatu, nthawi zina osachira. Envulopu ya Emeldah ili m'dirowa, sanaitsegule. Pansi pa dzina lake a Jekapu analembapo ndi bolopeni yofiira: "Napima kale. Osaopa."