Mababu a aSakala ndi Batire la Wailesi

Munthu wamkulu, wa ndevu zake ndi ana awiri, sanyambita waya. Ine ndinanyambita. Ndipo kuluma kwa waya ameneyo, kumene kunandigwetsa chagada pabenchi, ndiko kunali kwabwinoko pa zonse zimene zinandigwera Loweruka limenelo. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umawira, koma ndikafunafuna womukwiyira ndimangodzipeza ndekha (kupatula mzungu amene analemba buku lija, ameneyo sindinamukhululukire).

Inali nthawi ya Chitaganya, tauni yathu ikutchedwabe Foti Jemusoni, ine ndikugwira ntchito yodula nsalu m'sitolo. Sukulu sindinapite nayo patali. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndi mapepala okulungira sopo, ndipo matenda anga anali akuti chilichonse cholembedwa ndinkachikhulupirira. Tsiku lina ndinagula buku lopanda chikuto pa katundu wa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Linali la magetsi a galimoto. Galimoto ndinalibe, chizungu chakenso ndinkachimva modumphadumpha, koma komboni yonse inadziwa kuti za magetsi muzifunsa atate ake a Yosefe. Wofalitsa mbiriyo ndinali ine ndemwe.

Sabata imeneyo kunyumba kunali apongozi anga, mayi wa mkazi wanga. Anachoka ku Mtenguleni wapansi, ndi miyendo yawo yovuta ija, chifukwa cha chinthu chimodzi. Mwana wawo Filipo, mlamu wanga, anali kumigodi zaka zambiri osabwera. Munthu wina wochokera komweko anawauza kuti anthu a wailesi anafika ndi makina ojambula mawu, Filipo analankhulamo, ndipo moni wake udzamveka Loweruka masana. Kumudzi kunalibe wailesi. Kwathu inalipo, ija yobulungira ngati sefuliya, ndipo anatitumizira ndi Filipo yemweyo.

Mukudziwa nokha mmene mkamwini amakhalira ndi apongozi ake aakazi. Simuyang'anana, simudyera pamodzi, mukakumana panjira wina amalowa m'tchire. Mawu onse amadzera mwa mkazi wako. Choncho iwo ankakhala kuseri kwa nyumba, ine kumaso, mkazi wanga, amake Yosefe, ali pakati ngati mtengamakalata.

Nditangoweruka Loweruka lija, anatulukira aneba anga aSakala, thukuta lili kamukamu, akukankha njinga. Iwo anali ndi kalole kokalamba konyamulira mtedza ku Chipangali. Kaloleko kanali katatsala ku Madzimoyo, maso onse awiri atazima, ndipo apolisi anali atawachenjeza kale. Anamasula mpango, m'menemo muli mababu atatu ogula kwa munthu wa zitsulo zakale.

"Aneba, tandiyeserani tinthu iti. Sindifuna kupalasa njinga mpaka ku Madzimoyo n'kukapeza kuti ndanyamula mazira osukusa."

"Batire muli nalo?"

"Batire lili pa lole. Nanga inu si aja mumati buku lanu limadziwa zonse?"

Pamenepo munthu wanzeru akanati pepani. Ine ndinalowa m'nyumba, n'kuzula batire la wailesi, chinjerwa chija cholemera ngati mwana wa mbuzi. Amake Yosefe anandipeza pakhomo.

"Mukupita nalo kuti limenelo?"

"Panja pompa. Kungoyesa chabe."

"Atate ake a Yosefe, amayi sanayende ulendo wonsewu kudzaona mababu."

"Mayi, magetsi si mchere woti ukatapa umachepa," ndinatero ine. (Mawu amenewa andiwerengera mobwerezabwereza m'nyumba muno kuposa pemphero la madzulo.)

Ndinaliika pabenchi pansi pa mtengo wa mango, buku pambali, tiwaya tiwiri m'manja. Bukulo linkati waya mmodzi agunde kunsi kwa babu, wina m'mbali, basi. Silinanene kuti batire la wailesi ndi la lole n'zosiyana ngati nkhuku ndi ng'ombe. Kapena linanena pa masamba amene anang'ambika, kaya. Munthu wotani wogulitsa buku long'ambika kwa anthu osalakwa?

Batirelo linali ndi timabowo tinayi. Ndinalowetsa mawaya m'tiwiri toyamba, n'kugunditsa pababu. Zii. Ndinanyambita nsonga za mawayawo monga timachitira ndi mabatire a tochi, ndipo ndinangomva kowawasa pang'ono. Ndinasamutsira m'timabowo tinato, n'kunyambitanso.

Abale, ndinaona nyenyezi masana. Benchi uko, buku uko, ine miyendo m'mwamba. ASakala anaseka mpaka kugwira mtengo.

"Moto ulipo, aneba! Uja ndiye moto!"

Ndinadzuka lilime lili lende, mtima utapsa, ndipo m'malo mosiya ndinati tione amene apambane. Babu loyamba linangofiira ngati khala la fodya, kenako n'kuzilala. Ndinati lakufa. Lachiwiri linafiira mocheperapo. Ndinati mwina likufuna kutenthedwa kaye, ndiye ndinaligwiriza pamenepo nthawi yaitali, uku ndikuwafotokozera aSakala za mphamvu ya magetsi ndi lilime lotupa. Lachitatu silinayese n'komwe. Batire lenilenilo linali litafunda ngati mwana wa malungo, likutulutsa kafungo, ine n'kumati ndiye kugwira ntchito kwake.

"Onse atatu ndi akufa. Akuberani," ndinaweruza motero.

ASakala anakulunga mababu awo akutukwana munthu wa zitsulo uja ndi mtundu wake wonse, nakwera njinga.

Nthawi itakwana, anthu anadzaza pabwalo. Amayi a m'nyumba zoyandikana anabwera ndi mphasa zawo. Apongozi anatuluka atavala chilundu chawo cha kutchalitchi, nakhala pafupi ndi wailesi atandifulatira monga mwa ulemu. Ndinabwezera batire, n'kupotokola kabatani. Wailesi inatsokomola. Tinamva ng'oma patali, mawu a woulutsa ngati munthu wolankhula ali m'chitsime, kenako kunong'ona, kenako chete.

Ndinaimenya khofi. Ndinagwedeza waya wake wokokera mawu umene tinamangirira pamtengo. Ndinaliika batire padzuwa, ndinalisisita, ndinalinena mawu amene munthu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Masitolo anali atatseka kale, ndipo amene anatseka chitseko cha sitolo yathu ndi manja ake ndinali ine.

Apongozi sanatembenuke. Anangoyang'ana mwana wawo.

"Iwe Tereza, tawafunsa eni nyumba. Mwana wanga amuika m'babu liti?"

Anthu anagwira pakamwa. Ine yankho ndinali nalo, lalitali ndithu, lokhudza mzungu wa buku ndi aSakala ndi anthu opanga mabatire a timabowo tinayi popanda kulembapo chenjezo m'chinyanja. Koma apongozi suwayankha. Mkwiyo wonsewo ndinaumeza, ndipo unadutsa palilime lotupa.

Wina anakumbutsa kuti aphunzitsi a kutsidya kwa dambo ali ndi wailesi. Wapansi, ndi miyendo ya apongozi, tikanafika mawa. Njinga inalipo yanga, koma wodziwa kupalasa pabwalo ponsepo ndinali ndekha, poti amuna ena anali ku mpira. Mkamwini kunyamula apongozi pa keliyala! Chinthu chotere sichinamvekepo chiyambire.

"Tereza, uwauze kuti ine sindikwera njinga ya munthu. Ndikwera njinga chabe. Amene akupalasa sindikumudziwa."

Anakwera chofulatira, msana wawo kuloza msana wanga, atagwira keliyala ndi manja awiri. Komboni yonse inatuluka kudzaonerera. Ana ankatithamangira, agalu pambuyo. Njira yonse apongozi ankalankhula ndi njingayo.

"Njinga iwe, fulumira. Pa mababu paja unali ndi changu."

Ine ndinkapalasa, mano ali gwa.

"Njinga iwe, maenjewo ukuwaona? Kapena m'buku mulibe?"

Padambo tcheni chinagwa. Ndinachibwezera, iwo ali chikhalire, akuyang'ana kumene tachokera. Titafika kwa aphunzitsi tinapeza wailesi ikuimba nyimbo, anthu akupinda mphasa. Akazi a aphunzitsi anatithamangira.

"Mayi, mwachedwa! Filipo wa ku Mtenguleni ndi wanu? Walankhula bwino mwana uja! Wati amayi musadandaule, ndili moyo, ndanenepa. Watinso moni kwa alamu anga odziwa kuwerenga, asamale wailesi ija kuti amayi azindimva."

Apongozi anakhala pansi pomwepo. Anawapempha akazi a aphunzitsi kuti abwereze, nabwereza. Anafunsa ngati mawu ake anali a munthu wodwala, ngati anatsokomola, ngati anaseka. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chilundu. Apo mkwiyo wanga unasowa kolowera. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe ya aphunzitsi ndi njinga yanga, ndikulakalaka waya uja akanandimaliza.

Pobwerera apongozi anakana kukwera. Anayenda wapansi, ine ndikukankha njinga kutali pambuyo pawo. Buku lija amake Yosefe anayatsira mbaula. (Linayaka bwino kwambiri, kuposa mababu onse atatu.)

Patapita masiku, kalole ka aSakala kanaima pakhomo, ndipo anawatenga apongozi kukawatula ku Mtenguleni. Pobwerako aSakala anandipeza pabenchi pomwe paja, ndikuwerenga kapepala kokulungira sopo. Anayatsa magetsi a lole dzuwa likuswa mtengo, maso onse awiri ali ngwee, kuloza ine.

"Aneba, mababu anu akufa aja ndi amenewa. Lachitatu ndasunga, nalonso likuyaka. Koma ndabwera ndi uthenga. Apongozi anu akuti ndikuuzeni kuti Filipo akadzabwera kutchuthi, musadzamuyese. Ali bwinobwino."