Foni Yanga M'mimba mwa Bulaki

Sekani, sekani ndithu, mano ndi anu. Inu a masiku ano mumangokhalira kupalasa chala pa galasi la foni ngati mukusankha miyala mu mpunga, ndiye mwaona kafoni kanga ka mabatanika mwayamba kukodolana. Amene akuti ine Bizaliyele Ngozo ndimanama aimirire pompano, asiye thumba lake la mbatata, andiyang'ane m'maso. Palibe? Basi khalani pansi, lole yodzatenga katundu sinafike, ndikuuzeni za foni imene ndinali nayo ndisanagule aka, foni imene inandibwezera banja ili m'mimba mwa ng'ombe. Mukumva? M'mimba mwa ng'ombe.

Foni imeneyo sindinagule. Anabwera nayo a bungwe lina lolimbikitsa manyowa ndi kudzala mitengo, ati mphoto ya mlimi amene wapanga kompositi wabwino kuposa onse kuno ku Mlangeni. Inali foni yosawononga chilengedwe. Kunja kwake sikunali kwa pulasitiki ayi, anachita kuumba ndi madeya a chimanga kusakaniza ndi nsungwi zoperapera, kumsana kwake n'kumatapo kasola kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo anatiuza kuti ikadzakalamba tidzangochotsa batire ndi zam'kati, chotsalacho n'kukwirira mumzere, chikanyowa chiole chisanduke chakudya cha mbewu. Mayunitsi umayamba wagula, kupala kakhadi, kulowetsa manambala. Ukapanda kutero foni imangokuyang'ana.

Tsono manyowa amene anapambanawo, ndinene zoona popeza ine bodza sindilidziwa, ndowe ankatuta pamutu ndi akazi anga aNankhoma, mapesi ankadula ndi iwo, madzi othirira ankakatunga kudambo ndi iwo, miyezi itatu yathunthu. Ine ndinkayang'anira. Kuyang'anira ndi ntchitonso, musaseke. Koma tsiku lopereka mphoto, bwalo la sukulu litadzaza, alangizi atandipatsa chimkuzamawu, pakamwa panga panathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndinati manyowa onsewa ndapanga ndekha ndi manja awiriwa, a kunyumba kwanga amangodziwa kusonkhezera moto. Anthu anaseka, anaomba m'manja, ine n'kudumphako ngoma pang'ono fumbi n'kukwera. ANankhoma sanaseke.

Kutacha, Lachitatu limenelo, ndinapeza amanga kale kamtolo ka zovala. Anatenga foni ija patebulo, anadinadina, n'kundibwezera.

"Bambo a Lute, ine ndikupita ku Bwanje kwa achimwene kukamweta mpunga. Andilonjeza chigawo cha munda ku sikimu ya mthirira, yankho akulifuna Loweruka dzuwa likafika pamutu. Nambala yawo ndaika umu. Ngati muli ndi mawu muimbe, ndipo muwanene anthu akumva, monga munanenera aja. Mukapanda kuimba, ndine mlimi wa mpunga."

Ananyamuka osacheuka. Zaka makumi atatu ndi kanthu tili m'nyumba imodzi, ndinali ndisanawaonepo akuyenda chomwecho, ndipo ndisabise, ndinatsala pang'ono kuwathamangira. Koma mwamuna sathamangira zinthu. Ndinapita kugolosale kwa a Jafali, ndinagula kakhadi ka mayunitsi, ndinakasomeka m'chipewa, n'kuti ndiimba mawa. Lachinayi ndinati mawa. Lachisanu ndinatinso mawa, poti kunali chifunga chija cha kuno choti sungaone ndi chala chako chomwe, ndipo batire linali litatsika.

Loweruka m'mawa kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Ndinatenga foni n'kukaiyanika pa mtengo wa khola kuti imweko dzuwa, ine n'kutembenuka kuti nditsuke m'kamwa, pakuti mawu aulemu safuna m'kamwa monunkha. Tsoka silinunkha, anzanga, koma madeya amanunkha. Bulaki, ng'ombe yanga ya pangolo, yakuda bii, nyanga zake zoti mwana atha kumangapo katungwe, inanunkhiza kamodzi, inatulutsa lilime, lyoo! Pocheuka ndinangoona chotupa chikutsika pakhosi pake, chikuwala pang'ono. Mukumva? Nambala ya alamu anga ili momwemo, ine pamtima sindinaisunge, dzuwa likukwera, ndipo foni imeneyo anaipangira kuti ikanyowa izisungunuka.

Anthu anathamangira kudzaona. Wina ati iphani ng'ombeyo mutulutse foni. Ndinati iwe, Bulaki ameneyu anamulera ndi aNankhoma mayi wake atafa, ankamumwetsa mkaka m'botolo, ndiye ndiwaimbire kuti bwererani ndapha mwana wanu? Wina ati dikirani itulukira kumbuyo. Ndinati ikamadzatuluka kumeneko idzakhala manyowa enieni, ndipo manyowa ndi amene andiika m'mavuto ano. Ndinagunditsa khutu pamimba pa Bulaki, ndinamva foni ikulira mofooka kuti tii, tii, kudandaula njala ya moto.

Apa m'pamene munthu wamba akanakhala pansi n'kugwira m'mutu, koma ine ndinathyola chikuni cha mthethe, ndinakanula kukamwa kwa Bulaki n'kuchirikiza, ndinamutembenuzira chakumadzulo, ine n'kuima kutsogolo kwake, n'kuvula chipewa, n'kupukuta dazi langali ndi mafuta ophikira mpaka ntchentche yotera n'kuterereka n'kuthyoka mwendo, kenaka n'kuweramitsa mutu mwa muyeso wake kuti dzuwa limenye padazi, lidumphe, lilowe m'kamwa mwa ng'ombe, litsike kummero, likhote kawiri, likapeze kasola kaja m'chifu, ndipo posakhalitsa Bulaki yense anayamba kuwala m'nthiti ngati nyali ya galasi, utsi wonunkhira chimanga chokazinga ukutuluka m'makutu, mpaka tonse tinamva foni ikuimba kanyimbo kake kosonyeza kuti yakhuta. Mukumva inu? Chipsera chake ndi ichi pamutupa, bwerani mugwire. Ameneyo akuti ndi cha njinga, pa njinga ndinagwa chaka china.

Kwatsala mayunitsi. Ndinapala kakhadi kaja ndi chikhadabo, ndinapapasa pamimba pa Bulaki mpaka ndinapeza pamene foni yatsamira, pakati pa nthiti yachinayi ndi yachisanu, mabatani akumveka bwinobwino kuseri kwa chikopa. Ndinayamba kudina. Batani lililonse Bulaki ankalira kulira kwakekwake, nambala wani mokweza, faifi mwapakati, ziro mwa besi ngati mkulu wa kwaya, moti amayi ena a mvano amene ankadutsa anaima n'kuyamba kuvomereza. Nditamaliza, m'mimba muja munayankhula mayi waulemu kwambiri kuti mayunitsi anu alowa, zikomo. A Jafali anathawa kusiya nkhwaira imodzi.

Ndinadina nambala ya alamu. Zii. Netiweki yathawa, paja kwathu kuja ndi kudzenje. Ndinakoka Bulaki kuti tikwere pamtunda, wakana, miyendo wayala ngati tebulo. Dzuwa nalo silikudikira munthu, chithunzithunzi changa chayamba kufupika. Ndinalavulira m'manja, ndinalowa kunsi kwa ng'ombe, ndinaisenza pamapewa, miyendo yakutsogolo dzanja ili, yakumbuyo dzanja ili, n'kuliyatsa liwiro. Pofika pamsewu waukulu pano ndinaoloka osadziwa, ndipo mukudziwa nokha kuti tsidya ilo ndi Mozambiki. Nyanga za Bulaki zinakoka netiweki ya kumeneko, ng'ombe n'kuyamba kulira m'Chipwitikizi, ine osamvapo kanthu, ndinangoyankha kuti zikomo kwambiri n'kubwerera kwathu kuno msangamsanga, mayunitsi anga angathere m'dziko la eni.

Ndinalunjika ku Boma. Minibasi zitatu ndinazipitirira, kondakitala wina mpaka anatulutsa mutu pawindo kundifunsa ngati ndili ndi malo a anthu awiri. Pa rodibuloko apolisi anandiimitsa, ati chiphaso choyendera ndi ng'ombe chili kuti, ine ndinati bwana iyi si ng'ombe, ndi foni, ndipo nthawi yomweyo uthenga unalowa, Bulaki n'kunjenjemera thupi lonse kuti brrr, brrr, bwana uja n'kundichitira sawatcha n'kukweza chitsulo. Pamenepo n'kuti mtunda wonse uli pambuyo panga, a kabaza, amayi a mbatata ndi kabichi, a Jafali ndi nkhwaira yawo imodzi, alangizi aja amene anandipatsa mphoto, onse akuthamanga kufuna kuona mathero ake, fumbi lake anthu a ku Balaka ankayesa kukubwera mvula.

Mukuti bwanji inu a kapu yofiira? Bwanji osangothamangira ku Bwanje komweko? Anati muimbe. Sanati mubwere. Ine malangizo ndimatsata.

Ndinakwera phiri lija la kuseri kwa Boma, ndinatula Bulaki pamwamba penipeni, chigwa cha Bwanje chikuoneka uko, minda ya mpunga ili mbuu. Ndinapotoza nyanga imodzi kuloza komweko. Chithunzithunzi changa chinali chitalowa kunsi kwa mapazi. Podina, mabatani anali atafewa ngati phala la mwana, chala chikungomira, koma inalowa. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu, ndipo kulira kwake kunkatulukira m'kamwa mwa Bulaki mokweza kuposa chimkuzamawu cha kusukulu kuja. Anayankha alamu anga a Sitefano, n'kupereka foni kwa mlongo wawo. Kuti mawu anga akafike kuchifu ndinayenera kulowetsa mutu m'kamwa mwa ng'ombe, ndipo kuti mutu ufike pamenepo ndinayenera kugwada. Mumvetse bwino pamenepa, ndinagwada chifukwa cha msinkhu wa ng'ombe.

Ndinati, "Mwaswera bwanji aNankhoma?" Ati taswera. Ndinafunsa za mpunga, ati wacha bwino. Ndinafunsa za udzudzu, ati ulipo. Ndinafunsa za mwendo wa alamu, za mbuzi zawo, za mlatho ngati anaukonza, anthu kumbuyo kwanga akumvetsera, Bulaki akundipumira mpweya wotentha m'makutu. Kenaka mayi waulemu uja analowerera, ati mayunitsi anu atsala pang'ono kutha.

"Bambo a Lute," anatero aNankhoma, phiri lonse likumva, "achimwene aima apa ndi khasu, akudikira yankho. Nenani chimene mwaimbira."

Khotekhote ngwa njira, anzanga, palinga mtima m'pomwepo. Ine amene ndinasenza ng'ombe kuchoka ku Mlangeni mpaka pamwamba pa phiri osapumira, pamenepo lilime linandilemera, thukuta lili chuchuchu. Ndinaopa. Ndinaona nyumba ija ndili ndekhandekha mpaka kukalamba kwanga, ndipo ndinaopa zedi.

Ndinati, "ANankhoma, manyowa aja munapanga ndinu. Ndowe munatuta ndinu, madzi munatunga ndinu, ine ndinkangoimirira ndi chipewa. Ndinakunyozani pagulu, ndipo pano gulu lomwelo likumva. Pepani. Ndalakwa ine. Bwererani kunyumba, mayi."

Kunali zii. Ndinayesa foni yasungunuka, ndinawerenga mano a Bulaki onse kuchokera m'kati. Kenaka mawu anabwera, otsika, akumveka ngati munthu akuyankhulira m'madzi.

"Mwakhala mukudya chiyani masiku onsewa?"

Ndinati, "Mbatata yootcha."

"Yokhayokha?"

"Ndi mchere."

Anapuma mpweya wautali umene ndimaudziwa ine ndekha. "Lolemba mukandichingamire pa siteji ndi ngolo, ndili ndi thumba la mpunga. Ndipo musambe."

Pomwepo foni inati fwaa, n'kuthera m'mimba mwa Bulaki, iye n'kugeya kamodzi, mayunitsi otsala n'kuuluka ngati ziwala kulowera ku Bwanje. Amayi a mbatata analulutira, a kabaza analiza mabelu, alangizi anatulutsa buku pomwepo n'kufufuta dzina langa n'kulemba la aNankhoma. Tsono pali anthu ena oipa mtima m'dera muno amene amafalitsa kuti pamenepo panamveka munthu wamkulu akulira mokweza, mamina ali chuu, mpaka a Jafali kumubwereka kansalu. Bodza limenelo. Mutu wanga unali m'kamwa mwa ng'ombe, ndiye mawu otuluka m'menemo mwini wake ndani? Inalira ndi ng'ombe. Ng'ombe yoleredwa ndi botolo imakhala ya mtima wofewa.

Ee, taimani. Si aNankhoma awo akuoloka msewu ndi dengu pamutu? Ndi iwowo. Tamverani, akafika pano tikukamba za mitengo ya feteleza, mwamva? Nkhani imeneyi iwo amaikamba mwina. Amati kunalibe ng'ombe, kunalibe phiri, ati foni inali m'thumba la jekete langa masiku onse anayi, ndinkangoitulutsa n'kuibwezamo, ndipo ati ndinaimbira pakhonde pa golosale ya a Jafali, anthu asanu ndi galu mmodzi akumva. Koma iwo anali ku Bwanje, akanaona bwanji? Ine ndinalipo. Chimene timagwirizana tonse awiri n'chakuti Lolemba anabwera, ndipo ine ndinasamba.

Takulandirani mayi, tulani apa, ndikuthandizeni dengulo. Ayi, sitimakamba kanthu, za feteleza basi.

Koma inu a kapu yofiira, musanapite, za kulira zija mugwiritse bwino. Inali ng'ombe.